Kaundula wa bungwe la maliro: kusaka komwe masekondi akuthera

Lolemba, 2 Juni 2025

Dzulo ndinachita manyazi pa msonkhano wa pamwezi wa bungwe lathu la maliro ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Amalume, omwe ndi msungichuma, anati ndiwerenge maina a anthu omwe ali ndi ngongole. Ndinadina batani, laputopu n'kungoti zii. Anthu ali pa mabenchi, mphepo ya Juni ikuwomba, maso onse pa ine. Agogo ena aakazi anafunsa mokweza ngati makinawo nawonso amayamba adya nsima asanagwire ntchito. Lipoti litatuluka amalume anasisita buku lawo lachikuto cholimba lija n'kunena kuti, "Mphwanga, ili silinandidikiritsepo chonchi."

Ndiye sabata ino ntchito ndi imodzi basi: kupeza komwe nthawi ikuthera.

Ndilembe kaye momwe zinthu zilili kuti ndisadzaiwale. Kaundula ali mu PostgreSQL 16, pulogalamu ya database yosungira deta, pa laputopu yakale ya Ubuntu, ndipo pamwamba pake pali katsamba ka Python komwe amalume amadinapo. Mamembala alipo 612, ambiri ana ndi zidzukulu za anthu omwe anachokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mangochi nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland. Zosonkha zomwe ndalowetsa kuchokera m'mabuku, kuyambira 2019, zapitirira 41,000. Mtima wa zonse ndi function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi) yomwe ndinalemba ndekha mu PL/pgSQL, chinenero cholembera mapulogalamu mkati mwa PostgreSQL, dzina lake ngongole_ya_membala. Imatenga membala mmodzi, n'kuyenda pa zosonkha zake zonse, kuzisandutsa madola a ku America, kuwonjezera chindapusa cha miyezi yomwe anachedwa, n'kubweza chotsala.

Kusandutsako kulibe kuthawira. Kuno munthu mmodzi yemweyo anasonkhapo ndi ndalama zitatu. Mu 2019 kunali dola ya RTGS yomwe inadzakhala dola ya Zimbabwe, mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano yotchedwa ZiG, ndipo nthawi yonseyi ena amangotulutsa dola ya ku America. Bokosi ndi galimoto yonyamula maliro amatitchaja madola, choncho komiti inagamula kuti chosonkha chilichonse chiwerengedwe pa reti (mtengo wosinthira ndalama) ya tsiku lomwe chinaperekedwa.

Mu psql, pulogalamu yolemberamo malamulo opita ku PostgreSQL, ndayatsa \timing, yomwe imayeza nthawi ya lamulo lililonse, ndi kuyendetsa lipoti lonse katatu. Masekondi 47, 46, 47. Nambala imeneyi ikungondiuza kuti wodwala akudwala, siikunena pomwe pakupweteka. Ndikuganizira gawo la chindapusa, poti muli loop (malamulo obwerezabwereza) mkati mwa loop ina ndipo ndinalilemba usiku ndili ndi tulo.

Lachiwiri, 3 Juni

Lero tsiku lapita pa chinthu chopusa.

Ndinaika now(), function yopereka nthawi, pamwamba pa gawo la chindapusa ndi now() ina pansi pake, n'kuchotsera, n'kusindikiza ndi RAISE NOTICE, lamulo lotulutsa uthenga pa sikirini. Zotsatira: 00:00:00. Ndinati chabwino, chindapusa chilibe mlandu. Ndinasamutsira miyeso pa gawo la reti. Ziro. Pa gawo lophatikiza, ziro. Ndinakuta function yonse kuyambira BEGIN mpaka RETURN, ziro yemweyo, pomwe ine ndakhala pampando masekondi 47 ndikuyang'ana khoma. Mutu unaima. Mpaka ndinaika pg_sleep(2) pakati pa miyeso iwiriyo kuti ndione ngati ndapenga, koma yankho silinasinthe.

Chifukwa chake n'chakuti now() ya PostgreSQL si wotchi yoyenda. Imapereka nthawi yomwe transaction (mtolo wa malamulo ochitidwa ngati ntchito imodzi) inayamba, ndipo imaima pomwepo mpaka transaction ithe. Opanga PostgreSQL anachita dala. Ukalowetsa mizere khumi mu transaction imodzi, onse ikhale ndi chidindo cha nthawi chofanana, ngati mlembi yemwe walemba tsiku kamodzi pamwamba pa tsamba. CURRENT_TIMESTAMP ndi transaction_timestamp() ndi chimodzimodzi. Ndinayesanso statement_timestamp(), koma iyo imagwira nthawi yomwe lamulo lomaliza linafika kuchokera kwa client (pulogalamu yotumiza malamulo, ngati psql), ndipo lipoti langa lonse ndi SELECT imodzi, ndiye mkati mwa function nayonso siisuntha.

Yomwe imayenda ndi clock_timestamp(). Ukaiitana kawiri mu mzere umodzi womwewo imatha kukupatsa mayankho awiri osiyana. Ndaiyesa ndi pg_sleep(2) ndipo yapereka masekondi 2 ndi kanyenyeswa. Magetsi azima ndisanapitirize.

Lachinayi, 5 Juni

Ndinayamba molakwikanso. Ndinaika clock_timestamp() ndi RAISE NOTICE mkati mwenimweni mwa loop, pa chosonkha chilichonse. Sikirini inasefukira ndi mizere zikwi makumi anayi yothamanga ngati madzi a mvula mu ngalande, ndipo lipoti linafika pa masekondi 58. Kuyeza komweko kunawonjezera masekondi khumi ndi imodzi, poti uthenga uliwonse uyenera kukonzedwa, kutumizidwa kwa psql, ndi kujambulidwa pa terminal. Ndipo mizere yonseyo palibe angaiwerenge.

Njira yomwe yagwira ndi yosunga nthawi m'matumba. Pamwamba pa function ndatchula matumba atatu a mtundu wa interval (wosunga kutalika kwa nthawi), t_reti, t_chindapusa ndi t_zina, onse oyambira pa ziro. Gawo lisanayambe ndimalemba t0 := clock_timestamp(); likatha ndimalemba t_reti := t_reti + (clock_timestamp() - t0); ndipo RAISE NOTICE imabwera kamodzi kokha, function ikamatuluka. Mizere 612 m'malo mwa 41,000. Ndaitaya mu fayilo n'kuphatikiza. Lipoti labwerera pa 48, kutanthauza kuti sikelo yanga ikulemera sekondi imodzi yokha. Imeneyo ndingapirire.

Chindapusa, chomwe ndakhala ndikuchiloza chala kuyambira Lamulungu, chadya masekondi atatu okha. Kufunafuna reti kwadya 38. Zotsalazo zagawana tizigawo tina.

Ndinangoti kakasi. Ndikanatsata maganizo anga ndikanatha mausiku awiri kulembanso gawo la chindapusa, n'kupulumutsa mwina masekondi awiri, n'kukachitanso manyazi pamaso pa agogo aja. Gawo la reti sindinaliganizireko ngakhale pang'ono chifukwa ndi kanthu kakang'ono kooneka bwino, ka function kena kotchedwa reti_ya_tsiku, ka mizere isanu. Kamatenga tsiku ndi mtundu wa ndalama, n'kufuna reti yomaliza yomwe inalipo tsikulo kapena lisanafike. Kuitana kamodzi sikukwana ngakhale milisekondi imodzi. Koma kamaitanidwa ka 41,000.

Loweruka, 7 Juni

Lero ndagwa m'maenje atatu, ndipo onse ndi a kuyeza, osati a function.

Loyamba ndi lochititsa manyazi kwambiri. Ndinkafuna manambala wamba m'malo mwa interval, ndiye ndinalemba extract(milliseconds from t). M'mawa, laputopu itangoyaka, ndinayendetsa lipoti n'kupita kukatereka tiyi. Pobwera ndinapeza 12,400. Masekondi khumi ndi awiri! Ndinatsala pang'ono kuimbira amalume. Chinandiletsa n'chakuti usiku sindinasinthe kanthu kalikonse, ndipo ketulo inali itawira kale. Ndinayang'ana \timing: mphindi imodzi ndi masekondi 12. Kani milliseconds imangotenga gawo la masekondi n'kulichulukitsa ndi 1,000, mphindi zija n'kuzisiya panja. Cholondola ndi extract(epoch from t), yomwe imapereka masekondi onse pamodzi, kenako iwe n'kuchulukitsa wekha.

Apa panatuluka dzenje lachiwiri. Bwanji 72 pomwe dzana zinali 47? Poyendetsa kachiwiri zinabwerera pa 47. Makina akangoyaka kumene, deta imakhala isanalowe mu memory, ndiye yonse iyenera kukatengedwa pa disiki, ndipo laputopu ino ili ndi disiki yozungulira ija. EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS), lamulo loonetsa momwe query yayendera, imaonetsa poyera: ulendo woyamba masamba ambiri ali pa read (otengedwa pa disiki), wachiwiri ali pa hit (opezeka kale mu memory). Izi zandikumbutsa kuti pa msonkhano laputopu imakhala itangoyatsidwa, itachokera m'chikwama changa mu kombi ya ku Fourth Street. Nambala yomwe anthu amaimva m'thupi ndi ya ulendo woyambawo. Kuyambira lero ndizilemba ziwiri, yozizira (makina atangoyaka) ndi yotentha (ulendo wachiwiri).

Lachitatu linandiseketsa. Madzulo magetsi anathothoka, ndipo batire la laputopu linafa kalekale. Atabwera ndinayatsa, kulumikiza ku intaneti ya pafoni, n'kuyendetsa lipoti nthawi yomweyo. Membala nambala 88 anaonetsa kuti reti zake zatenga maola anayi ndi mphindi zingapo. Ena onse bwinobwino. Kabatire kakang'ono kosunga wotchi ya mkati nako n'kotha, choncho makina anadzuka ali m'mbuyo, ndipo NTP, yomwe imakonza wotchi ya makina kudzera pa intaneti, itapeza intaneti inakankha wotchi kufika pa nthawi yeniyeni, membala 88 ali pakati pa loop. clock_timestamp() imawerenga wotchi ya pakhoma ya makina. Wina akasuntha muvi, muyeso wako wasuntha nawo, ndipo akaubweza m'mbuyo ungapeze nthawi yochepera ziro. Mkati mwa PL/pgSQL ndingopirira nazo: ndidikire mphindi ziwiri makina akayaka, ndipo muyeso wopenga ndiutaye.

Lamulungu, 8 Juni

Titaweruka ku tchalitchi ndinayesa kusunga miyeso mu tebulo m'malo moisindikiza. PostgreSQL inakana: INSERT is not allowed in a non-volatile function. Ndinaiwala kuti function yanga ndinailemba STABLE, komwe kuli kulonjeza kuti siisintha kanthu mu database. Ndikanatha kuisandutsa VOLATILE, yomwe imaloledwa kusintha deta, koma pamenepo ndiye kuti ndikuyeza nyama ina, osati yomwe amalume amagwiritsa ntchito. Komanso transaction ikalephera, mizere ya miyesoyo imafufutika nayo limodzi, pa nthawi yomwe ukuifunitsitsa. Ndasintha RAISE NOTICE kukhala RAISE LOG, kuti zizipita mu log ya seva osadzaza sikirini. Basi.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinamudandaulira mnzanga wina wa ku Lilongwe pa WhatsApp, yemwe ntchito yake ndi ma database tsiku ndi tsiku. Anaseka kaye, kenako anati, "Achimwene, mukutunga madzi ndi chipande pomwe mpopi uli pakhomo." Wakutsina khutu ndi mnansi. Kani PostgreSQL imatha kuwerenga yokha nthawi ya function iliyonse, kungoti amabwera atazimitsa. Uyenera kuika track_functions pa pl, ndipo n'zofuna superuser, mwini mphamvu zonse pa database. Ukatero tebulo la pg_stat_user_functions limakupatsa calls, total_time ndi self_time, zonse m'mamilisekondi.

Kusiyana kwa ziwiri zomalizazi ndi komwe kuli nyama. total_time imaphatikiza nthawi ya ma function ena omwe function yako yaitana, self_time ndi yake yokha. Nditafufuta ziwerengero zakale ndi pg_stat_reset() n'kuyendetsa lipoti, ngongole_ya_membala inaonetsa calls 612, total_time pafupifupi masekondi 46, koma self_time masekondi asanu ndi atatu okha. reti_ya_tsiku inaonetsa calls zoposa 41,000 ndi masekondi 38. Zagwirizana ndi matumba anga aja, zomwe zandikhazika mtima pansi, poti sikelo ziwiri zosiyana zanena chimodzi.

Sindikudandaula kuti ndinayamba ndi chipande. Tebulo limeneli limangodziwa function yathunthu. Gawo la chindapusa si function payokha, ndi mizere chabe mkati mwa inzake, ndiye kuti ndidziwe kuti ilibe mlandu panafunika clock_timestamp() basi. Mnzanga anandichenjezanso kuti function yaing'ono yolembedwa mu SQL wamba nthawi zina planner, wokonza njira yoyendetsera query, amaimeza m'kati mwa query yoitanayo, ndipo ikatero siioneka m'tebulomo ngakhale uike track_functions pa all. Yanga ndi ya PL/pgSQL ndiye inaoneka.

Chotsala chinali kudziwa chifukwa chomwe kanthu ka mizere isanu kakuchedwera. EXPLAIN ANALYZE pa lipoti siionetsa za m'mimba mwa function, imangoti yatenga nthawi yakuti. Ndinachita LOAD 'auto_explain', chida cholemba mu log momwe query iliyonse yayendera, kuyatsa log_nested_statements ndi log_analyze, log_min_duration n'kuika pa ziro, n'kuyendetsa pa membala mmodzi yekha. Mmodzi yekha, ndikubwereza, chifukwa poyamba ndinayendetsa pa onse ndipo log inatupa mpaka ndinaidula pakati. Pa chosonkha chilichonse panali Seq Scan pa tebulo la reti, kenako Sort. Tebulolo lili ndi mizere yoposa 4,000. Ndiye kuti pofuna reti ya tsiku limodzi, makina amawerenga buku lonse kuyambira tsamba loyamba, kusanja, kutola mzere umodzi, kutseka buku, n'kuyambiranso pa chosonkha chotsatira. Amalume akanamuona mlembi akuchita zimenezi akanamulanda cholembera.

Index, yomwe ili ngati mlozera wa buku, sindinaike chifukwa ndinkati katebulo kakang'ono sikafuna index. Ndaika imodzi pa mtundu wa ndalama ndi tsiku. Yotentha yatsika kuchoka pa 47 kufika pa 9.

Lachisanu, 13 Juni

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono. Zosonkha za madola a ku America zinkafunanso reti, yomwe nthawi zonse ndi 1, chifukwa ndinkafuna kuti code ikhale yofanana paliponse. Ndaika IF kuti zidumphe. Ndachotsanso loop yoyenda pa zosonkha n'kuika query imodzi ya LATERAL, kuti membala aliyense afunsidwe kamodzi. Yotentha 4, yozizira 13.

Pali kanthu komwe ndakaona koma sindikakumba pano. PL/pgSQL imakonza pulani ya query molingana ndi manambala omwe wapereka maulendo asanu oyamba, kenako imatha kusankha pulani imodzi ya onse. Kuyambira PostgreSQL 12 pali plan_cache_mode yoikakamiza. Ndayesa mbali zonse ziwiri ndipo kusiyana kwake sikukufika theka la sekondi, ndiye ndazisiya momwe zinalili.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti podina batani pa tsamba la amalume ndimadikirabe masekondi pafupifupi 11, pomwe psql ikuti 4. Ndiye kuyeza kwasamukira ku Python. Uku zinthu n'zosavuta, ndipo phunziro la membala 88 landithandiza. Sindinagwiritse time.time(), poti nayo ndi wotchi ya pakhoma yomwe NTP ingasunthe. Ndagwiritsa time.perf_counter(), yomwe ilipo kuyambira Python 3.3 ndipo siibwerera m'mbuyo. Nambala yake payokha ilibe tanthauzo, chofunika ndi kuchotsera ziwiri. Ndalemba ka decorator, ka code koyeza kokuta function iliyonse, ndipo kuwerenga kwachiwiri ndakuika mu finally, gawo lomwe limachitika zivute zitani, kuti muyeso ulembedwe ngakhale function itagwa. Poyamba ndinayesa time.process_time() n'kuona function yofunsa database ikuti yatenga pafupifupi ziro. Iyo imawerenga nthawi yomwe purosesa yagwirira ntchito pulogalamu yako yokha, ndipo kudikira yankho la PostgreSQL sikuwerengedwa. Ziro wachiwiri m'masabata awiri, koma uyu ndinamuzindikira msanga.

Masekondi asanu ndi awiri osowawo ali pa function yopanga PDF. Imatsegula ndi kuchepetsa chithunzi cha chidindo cha bungwe pa tsamba lililonse, chithunzi chomwe amayi alembi anajambula ndi foni, chachikulu ngati chitseko. Ndachichepetsa kamodzi n'kusunga. Batani tsopano likuyankha pa masekondi asanu ndi limodzi.

Lamulungu, 15 Juni

Ndinapita kwa amalume ku Tafara masana. Anandikhazika pakhonde padzuwa, iwo buku pamiyendo, ine laputopu. Ndinaizimitsa kaye n'kuiyatsanso pamaso pawo kuti tione yozizira. Anayang'ana wotchi yawo yapamkono, ine n'kudina. Masekondi 15. "Zayambako," anatero, osamwetulira.

Poti tsopano lipoti silichedwa, tinatha kuliyendetsa kangapo n'kumafananitsa ndi buku dzina ndi dzina, zomwe kale sitinkayerekeza n'komwe. Tinapeza anthu atatu omwe ngongole yawo pa makina ndi yaikulu zedi kuposa ya m'buku. Onse atatu anasonkha kumayambiriro kwa Epulo 2024. ZiG inalengezedwa Lachisanu pa 5 Epulo, pa reti ya 13.56 pa dola imodzi ya ku America, ndipo ndalama yakaleyo inasinthidwa pa madola a Zimbabwe pafupifupi 2,499 pa ZiG imodzi. Amalume masiku amenewo anali atayamba kale kulemba ziwerengero mu ZiG, koma pamwamba pa tsambalo panali padakali chizindikiro cha ndalama yakale, ndipo ine polowetsa ndinatsata mutu wa tsamba. Makina anatenga manambala ang'onoang'ono a ZiG n'kuwagawa ndi reti ya ndalama yakale, zosonkha za anthuwo n'kusanduka fumbi. Mmodzi mwa atatuwo ndi agogo aja a nsima, omwe dzina lawo ndinaliwerenga pagulu pa 1 Juni kuti ali ndi ngongole.

Amalume anatseka buku. "Mawa upite ukapepese wekha, mphwanga. Ndipo usapite chimanjamanja, ugule shuga."

Zotsala msonkhano wa pa 6 Julaye usanafike: kukonza mizere itatuyo, kuunikanso zosonkha zonse za pakati pa 1 ndi 30 Epulo 2024, ndi za kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho pomwe ZiG inagwetsedwa pa 27. Kuzimitsa auto_explain, yomwe ndaipeza ikadali mu fayilo yanga yoyambira psql. Matumba a clock_timestamp() ndiwasiya mu function koma kuseri kwa IF, kuti ndiziwayatsa pofuna. track_functions ikhale yoyaka. Kabatire ka wotchi ndikafunsa mtengo m'tauni Lachiwiri.